Za thalauza zija, msuweni

Eee, msuweni, ndi ine. Uthenga wako ndauona pagulupa, koma kulemba sinditha, m'manjamu muli ufa, ndingolankhula. Wafunsa kuti, taima ndiwerenge bwino... "kodi ku koleji ya mpingo mtsikana akavala thalauza amamuchotsa sukulu?" Hmm. Iwe wakhala kumeneko semesita yathunthu, lero ndiye ukufunsa ine za thalauza? Ndinakubereka kumbuyo ine, usandipusitse. Munthu safunsa zoterezi Lamlungu usiku popanda kapepala kena kamene kali pansi pa pilo.

Chabwino, ndiyankhe kaye zimene wafunsazo, angati ndazemba. Lamulo la dziko loletsa thalauza kulibe. Linalipo, inde, la 1973, nthawi ya Kamuzu, mkazi thalauza ayi, siketi iphimbe mawondo, mwamuna tsitsi lalitali ayi, mpaka azungu odzaona dziko ankawameta pabwalo la ndege. Linapita ndi kubwera kwa matipate. Mu 2012 mavenda atayamba kuvula amayi ku Lilongwe ndi ku Blantyre, Bingu amene ananena poyera kuti mkazi avale chimene wakonda. Ndiye ku Chanco, kaya ku Poly... aa, MUBAS, dzina linasintha mu 2021 koma pakamwa pangapa likukanabe... kumeneko palibe angakucheukire. Koma kwanuko ndi kwa mpingo, ndipo mpingo uli ndi kabuku kake. Tsiku lolembetsa unasayina kuti udzatsata. Unawerenga? Usayankhe. Unasayina uku maso ali ku kafiteriya.

Koma taima, ndikuuze za amalume a ku Liwonde, amene iwe umati bambo aang'ono. Ali pagulu pano? Alimo, koma mavoisi samvera, amati amadya bandulo. Ndiye tiyeni nazo.

Ukawaona lero ndi dazi lija sungakhulupirire, koma munthu uja anali ndi tsitsi! Afulo, chipeso chachitsulo chobaya pamwamba, thalauza la belubotomu losesa msewu. Chithunzi chilipo, chija chinayambitsa mkangano pa maliro a agogo, amayi akuti nchawo, azakhali akuti nchawo... iyayi, zimenezo zisiye. Anali ku koleji ya uphunzitsi, chaka chachiwiri, ayi ndanama, choyamba, chifukwa njinga ija anali asanagule. M'mawa wina akupita kukamwa phala, apeza dzina lawo pa bolodi pamodzi ndi la mnzawo: akaonekere kwa akuluakulu Lachinayi, 2 koloko. Mlandu osalembapo. Nthawi imeneyo ukaitanidwa popanda chifukwa, mtima unkagwera m'mimba, chifukwa ena ankaitanidwa choncho osabwerako. Amalume usiku womwewo sutikesi pamutu, kudutsa m'chimanga, basi ya m'bandakucha, phii, kumudzi.

Agogo kuwafunsa, iwo akuti atipatsa holide, madzi avuta. Agogo mpaka anapha nkhuku! Mlungu watha, wina watha, madzi sakubwera. Munthu akungokhala pakhonde, chipeso m'mutu, kuimba gitala ya chigubu. Mpaka kalata inafika kudzera kwa ahedi a pulayimale, chifukwa keyala yathu inali ya pasukulu. Agogo kuwerenga sankatha, ndiye anapatsa amayi anga, amene anali Sitandade 6, kuti awerenge mokweza, amalume ali pompo. Amayi mpaka lero akamaifotokoza amagwetsa misozi ndi kuseka.

Ukudziwa zomwe zinalembedwamo? Awachotsa sukulu chifukwa chochoka popanda chilolezo ndi kukana kuonekera. Za tsitsi, olo liwu limodzi. Mnzawo uja anapita Lachinayi lomwelo, anamuuza kuti kamete, anamupatsa chikwanje akatchetche udzu kuseri kwa hositelo, nkhani inathera pompo. Anapuma ntchito ali hedimasitala, penshoni akulandira. Amalume anakathera ku Kachulu kuyanika matemba. Sindikunyoza matemba, fizi yanga ya Folomu 3 inachokera momwemo, nchifukwa chake sindiwayankha akamandilalatira za ukwati uja. Koma okha amanena akakhuta thobwa, kuti chinandichotsa sukulu ndi miyendo yangayi.

Ndiye, mwana iwe, mvera. Ngati akuitana ku komiti ya disipulini, pita. Usadwale mwadala, usazimitse foni, usakwere minibasi yobwera kuno. Ndiyo nkhani yanga yonse, zinazi ndimangozungulira.

Thalauza palokha, kaya siketi yaifupi, kaya ndolo, kawirikawiri ndi chenjezo. Poyamba la pakamwa kwa a matironi, ukabwereza la kalata, yolowa m'fayilo. Zochotsa anthu sukulu ndi kubera mayeso, ndewu, chamba, kuswa mawindo pa zionetsero, kapena kugoneka mlendo mu hositelo... hmm, wamva mmene ndatchulira pang'onopang'ono chomalizachi? Sindikunena kanthu ine. Ndangoona kuti pa sitetasi yako pamabwerabwera dzanja lina lovala wotchi, nkhope osaoneka.

Ukalandira kalata, uone ngati alembamo mlandu weniweni ndi nambala ya lamulo limene akuti waphwanya. Ngati mulibe, pita kwa a Dini oyang'anira ophunzira, mwaulemu, upemphe kuti akulembere. Si chipongwe chimenecho. Malamulo aakulu a dziko, gawo 43, amati ofesi ikamagamula zokhudza iwe ichite mwachilungamo ndipo ikupatse zifukwa molemba. Makamaka limagwira za boma, koma a mpingo nawonso zimene analemba m'kabuku kawo zimawamanga iwo omwe. Nchifukwa ndikuti kawerenge usiku uno, tsamba la chilango ndi la apilo. Apilo imakhala ndi masiku ake owerengeka, ukachedwa chitseko chatsekeka, ulire bwanji. Ufunsenso ngati amalola kulowa ndi wa yuniyoni ya ophunzira kapena mboni. Ndipo pepala lililonse akakupatsa kuti usayine, werenga kaye, pempha kope lako. Osati zija unachita tsiku lolembetsa.

Kuti lamulo la thalauzalo ndikugwirizana nalo? Ine ayi. Mtsikana wokwera kabaza m'mawa uliwonse, siketi imamuvutitsa, aliyense akudziwa. Ndipo malamulo amasintha anthu akalimbana nawo m'njira yake: mu 2023 khoti lalikulu ku Zomba linagamula kuti ana achirasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi madiredi awo. Koma amenewo anapita kukhoti ndi mapepala m'manja. Iweyo ukafuna kusintha kabuku ka mpingo, dzayambe ukatenga dipuloma, kapena dzera ku yuniyoni. Pa tsiku la komiti vala siketi yaitali ija ya pa chinkhoswe, tsitsi ulimange, ulankhule zoona mwachidule. Pamene unalakwa vomera, pamene sunalakwe kana modekha, osakweza mawu ngati mmene umachitira ndi ine.

Bambo ako sindiwauza, pokhapokha ngati amva okha voisi ino... eish, ndatumizatu pagulu. Aa, basi, zachitika. Amalume akulu, ngati mukumvera, mwanayu sanalakwe kanthu, ndikungomuphunzitsa.

Iwe, ndibwereze, chifukwa makutu ako ndimawadziwa: akakuitana, kaonekere. Ola limene alembalo likupeze uli pakhomo la ofesi, kabuku m'manja. Jambula kalatayo unditumizire kumbali, tsamba lonse, osabisa mzere wa m'munsi ndi chala.