Nkhawa ikakula, kodi kachilombo kamadzukanso?

Achemwali, funso lanu landikhudza. Mwati ma ARV mukumwa mosadumphitsa ndipo viral load, muyezo wa kuchuluka kwa HIV m'magazi, sikuoneka, koma nkhawa ikangokupanikizani, chimfine ndi zilonda za pamilomo zimakupezani, ndiye mukuopa kuti kachilombo kadzukanso. Mtima m'malo kaye.

HIV imalowa m'maselo a CD4, amene amatsogolera asilikali ena a m'thupi. Munthu wathanzi akayezedwa amapezeka nawo pakati pa 500 ndi 1,500, ndipo akachepera 200 m'pamene matenda amalowa mwachisawawa. Chimene ambiri sitiuzidwa n'chakuti maselowa ndi ochuluka kwambiri m'matumbo, ndipo kumeneko kachilombo kamasakaza koopsa m'masabata oyambirira enieni. Khoma la matumbo likafooka, tizidutswa ta mabakiteriya timadutsira m'magazi, asilikali n'kumangokhala ali chilili usana ndi usiku. Ma ARV amachepetsa kwambiri vutoli, koma kwa anthu ena silitheratu. Zili ngati mlonda amene wachezera masiku ambiri osaona tulo: wakuba weniweni akafika, amadzambatuka mochedwa.

Tsono pa thupi lotopa kalelo pabwerenso nkhawa. Nkhawa ikakula, tiziwalo ta pamwamba pa impso timatulutsa homoni yotchedwa cortisol. Kwa kanthawi kochepa imathandiza, koma ikakhalitsa masabata imafooketsa maselo oteteza. Zikatero tizilombo tina timene timabisala m'mitsempha, monga toyambitsa zilonda za pamilomo ndi mashingozi, timapeza mpata. Si HIV imene yadzuka ayi, bola mankhwala akumwedwa.

Pamene ine ndimaopa kwambiri ndi pomwepo, pa kumwa mankhwala. Mchimwene wanga ntchito itamuthera ankangogona chafufumimba, tulo osabwera, chakudya osachikhudza. Tsiku lina ndinatenga botolo lake la mapiritsi n'kulipeza lolemera, pomwe mwezi unali kumapeto. Sanachite dala, mutu unali utadzaza. Tinayamba kuimbirana foni madzulo alionse pa nthawi ya mankhwala, mpaka anabwerera mwakale.

Choncho inu gonani mokwanira, ndipo pezani munthu mmodzi womukhulupirira womuuza zakukhosi. Mukapita kukatenga mankhwala, auzeni adokotala za nkhawayo mosabisa, chifukwa nayonso ili ndi thandizo lake. Koma mukaona chifuwa chosatha, thukuta la usiku, kutentha thupi kapena kuonda, musati ndi nkhawa chabe. Pitani msanga akakuyezeni TB.