Yankho kwa achimwene a ku Mchinji pa za mayeso a LSAT

Achimwene, mwafunsa ngati miyezi itatu ingakwanire kukonzekera LSAT, mayeso olowera sukulu za malamulo ku America. Miyezi mukunenayo ndi yokwanira, bola muyambe lero kulemba mayeso akale mukuyang'ana wotchi. Mabuku a malamulo asiyeni kaye. LSAT safunsa za Malamulo a dziko lino kapena milandu ya ku khoti. Imayesa ngati mungawerenge ndime yovuta ya Chingerezi n'kupeza pamene mfundo yatsimphina. Gawo lililonse ndi mphindi 35, ndipo malikisi amayambira 120 kufika 180.

Ine nthawi ndi imene inkandipweteka. Mayankho ndinkawadziwa, koma belu linkalira ndikadali pakati. Chinandithandiza n'kulemba m'kope chifukwa chimene ndalakwira funso lililonse, osangoona yankho lolondola n'kupitirira. Mayeso oyeserera aulere alipo pa LawHub, webusaiti ya LSAC, bungwe limene limayendetsa mayesowa. Muziwalemba mbandakucha, magetsi alipo ndiponso netiweki isanayambe kuvuta.

Musanalipire ndalama, kaonaneni ndi alangizi a EducationUSA ku Lilongwe, amene amathandiza ofuna kukaphunzira ku America, chifukwa sukulu za malamulo ku America zimafuna digiri yoyamba. Ngati mukufuna kudzagwira ntchito ya uloya kuno kumudzi, funsaninso a bungwe la maloya la Malawi Law Society ngati pepala lakunjalo lidzavomerezeke.