Musagule ma lovebird poona kuti atsamirana

Mayi wina wa ku Chilenje, ku Lusaka, wandilembera imelo. Akufuna kuyamba kuweta ma lovebird (timbalame ta mtundu wa zinkhwe) oti aziswana, ndipo pa Facebook wapeza wogulitsa amene akuti ali ndi "yaimuna ndi yaikazi, zokonzeka kuikira". Agule?

Amayi, funso lanu landiutsira mkwiyo, osati pa inu ayi. Mlamu wanga ku Matero anagula mbalame ziwiri za peach-faced, mtundu wina wa ma lovebird, mwa njira yomweyi. Zinkadyetsana, kukandana m'mutu, kugona mogundana. Mazira anadzaza bokosi, mlamu n'kuyamba kuwerengera ndalama, mpaka anakapangitsa khola lachiwiri kwa amisiri a ku Kalingalinga. Yaikazi imodzi imaikira mazira 4 mpaka 6, ndipo amaswa pakatha masiku pafupifupi 23. Kwa mlamu mazira anaposa pamenepo, mwezi unatha, zii. Zonse zinali zazikazi! Wogulitsa uja foni anasiya kuyankha.

Kaya ndi peach-faced kapena mtundu wina wotchedwa Fischer's, simungadziwe ndi maso kuti yaimuna ndi iti. Wina amagwira mafupa a pansi pa mimba n'kulumbira kuti wadziwa. Ine ndimati kumeneko n'kulosera chabe. Chotsimikizika n'kuyezetsa DNA ya nthenga, apo ayi kugula ma lovebird awiri amene anaswapo ana inu n'kuwaona anawo.

Chinanso chimene chimandinyansa n'kusakaniza mitundu. Peach-faced ikakwerana ndi Fischer's, ana ake nthawi zambiri sabereka, koma amagulitsidwabe kwa anthu ongoyamba ngati inu. Kumeneko n'kuba, palibe dzina lina.

Ndipo wina akakunong'onezani kuti ali ndi zotchipa "za kumudzi", thawani. Zambia ili ndi zake zam'tchire: black-cheeked, ya kumwera chakumadzulo kwa dziko lino, imene ikuchepa, ndi Lilian's ya m'nkhalango za tsanya ku Luangwa. Zimenezo si zosunga popanda chilolezo cha a Department of National Parks and Wildlife, amene likulu lawo lili ku Chilanga.

Ndiye mugule bwanji?

Pitani kunyumba kwa woweta, muone makolo ndi ukhondo wa khola. Sankhani mtundu umodzi, zosakhala pachibale, za maso owala ndi nthenga zosalala. Yofufuma imene yangokhala ndwii isiyeni. Bokosi la chisa musaike zisanakwane chaka. Mpendadzuwa wokhawokha umazinenepetsa, onjezani mawere ndi ndiwo zamasamba. Kotapela musazipatse, ndi poizoni kwa izo.