Dzuwa la ku Chilwa likutuluka lotuwa pa foni: kamera yafa kodi?

Funso la bambo wina wa ku Matawale: Ndinalawirira ku Kachulu kukajambula dzuwa likutuluka pa nyanja ya Chilwa. Ndi maso kumwamba kunali kofiira psuu, koma pa foni chithunzi chinatuluka chotuwa ngati pali utsi, ndipo dzuwa lili ndi mizere italiitali. Masana foniyi imajambula bwinobwino. Kamera yafa kodi?

Siinafe, bambo. Kagalasi ka kumbuyo kwa kamera kali ndi mafuta a m'zala, kapena kanakandika, kapena kanasinthidwa n'kuikapo kotchipa. Masana simuona vutoli chifukwa dzuwa limakhala pamwamba kapena kumbuyo kwanu. Ku Kachulu mumayang'ana kum'mawa, dzuwa likutulukira cha ku chilumba cha Chisi, ndiye kuwala kumalowa m'galasi molunjika. Kamafuta kakang'ono kamene maso sangaone kamamwaza kuwalako chithunzi chonse.

Musanakhudze chilichonse mu foni, yesani izi usiku womwe uno. Zimitsani magetsi m'chipinda, mubwereke foni ina, muyatse tochi yake. Musaunike galasilo molunjika. Ikani tochiyo cham'mbali, pafupifupi mogona, kenako muzipendeketsa foni yanu pang'onopang'ono. Mafuta amaoneka ngati kautawaleza kopakika pamwamba. Zokandika zimaoneka ngati tiulusi toyera tosasuntha. Nthunzi ya m'kati imaoneka ngati chifunga chozungulira m'mphepete mwa galasi, ndipo ngakhale mupukute motani sichichoka. Timadontho toyera tokhala pansi pa galasi ndi fumbi limene linalowa foni itatsegulidwa.

Kenako yatsani babu limodzi, mulijambule muli patali mamita atatu. Onani kumene mizere yalozera. Pukutani galasi ndi chala chopingasa, mujambulenso. Ngati mizere yatembenuka, ndi mafuta basi. Uzirani kampweya pagalasi, mupukute mozungulira ndi kansalu kopukutira magalasi a maso. Ngati kansaluko mulibe, ngodya yoyera ya malaya a thonje ndi yabwinoko kusiyana ndi pepala la kuchimbudzi kapena chitenje chimene chagwira fumbi. Fumbi la m'thumba lili ndi timchenga, ndipo timchengato n'timene timakanda. Mukapukuta n'kupeza mizere ili pomwepo, ikulozera komweko, galasi lakandika.

Apa m'pamene anthu amandikwiyitsa. Munthu amagula foni ya ndalama zambiri, kenako n'kumata kagalasi kotetezera kamera kogula pa tebulo la mumsika. Kagalasi kameneko kalibe utoto wochepetsa kunyezimira, ndiye kuwala kumagunda uku n'kubwerera uku pakati pa magalasi awiriwo. Kamatuleni, mujambulenso babu lija, mudzionere nokha kusiyana kwake. Chimodzimodzi foni imene inasweka kumbuyo n'kuikidwa chivundikiro chotchipa. Zina mwa zivundikiro zimenezi zimabwera ndi pulasitiki pamalo pa galasi, ndipo guluu wake sagwira m'mbali monse, choncho nthunzi ndi fumbi zimalowa. Mukamasinthitsa, uzani wokonzayo kuti mukufuna galasi lenileni, apukute kamera ya m'kati asanamate, ndipo mujambule babu muli pashopu pomwepo musanalipire. Chikuto cha labala nachonso muchione: ngati bowo lake ndi laling'ono kapena m'mphepete mwake mukunyezimira, chichotseni pojambula.

Kadontho kamodzi kobiriwira kamene kamaoneka moyang'anizana ndi dzuwa si vuto ayi. Ndi kuwala kobwerera m'kati mwa kamera, ndipo mafoni okwera mtengo omwe amachita zimenezi. Sunthani foni pang'ono mpaka kadonthoko kalowe m'dzuwa momwemo.

Funso la mtsikana wina wophunzira ku Chirunga: Galasi langa ndi loyera, koma kumwamba kumatuluka koyera mbee, kufiira konse kulibe. Ndikakhudza kumwamba pa sikirini, mabwato amada bii.

Achemwali, kamera siingakwanitse kuwala kwa kumwamba ndi mdima wa pagombe nthawi imodzi monga amachitira maso. Musankhe kumwamba. Khudzani pambali pa dzuwa, osati pa dzuwa penipenipo, mugwirize chala mpaka pakhomeke, kenako tsitsani kachizindikiro ka dzuwa kamene kamaoneka pa sikirini mpaka kufiira kubwerere. Ngati kamera ya foni ili ndi Pro, gawo limene mumatchera zinthu nokha, ikani EV (yoonjezera kapena kuchepetsa kuwala kwa chithunzi) pa -0.7 kapena -1, ISO (mphamvu ya kamera yokoka kuwala) pa 50 kapena 100. Mabwato akada asiyeni ade. Msodzi ataima m'bwato ndi mponda wake, wakuda bii pamadzi ofiira, ndiye chithunzicho. Malo amdima mungathe kuwawalitsa pambuyo pake, koma kumwamba kukayera mbee kwapita, palibe chobweza.

Mtundu ukamazilala ngakhale mwatsitsa kuwala, wolakwa ndi WB, imene imatchera mtundu wa chithunzi. Ikakhala pa Auto, foni imayesa kufiirako ndi cholakwika ndipo imakuchotsa. Ikani pa 5500K mpaka 6500K, kapena pa kachithunzi ka mtambo. HDR, imene imaphatikiza zithunzi zingapo kuti powala ndi pamdima pomwe paoneke, yatsani ngati palibe chikuyenda mofulumira.

Komanso mukuchedwa kufika. Mitundu yabwino imayamba mphindi 20 kapena 30 dzuwa lisanatuluke, ndipo likangokwera pang'ono zatha. Kuno ku Zomba mu Novembala dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko, pamene mu Juni ndi Julayi limatuluka 6 koloko itangodutsa. Silitulukiranso malo amodzi: mu Juni limapendekera kumpoto, mu Disembala kumwera. Mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire umaliphimba, limatuluka ngati mpira wofiira, ndipo imeneyo ndiyo nyengo yosavuta kwa woyamba kumene.

Funso la mnyamata wina wa ku Chinamwali: Zithunzi zanga zam'bandakucha sizigwira, zimakhala zosaoneka bwino ngati zapakidwa. Nthawi zina chithunzi chimanjenjemera pa sikirini ndisanajambule n'komwe.

Pali zinthu ziwiri apa, achimwene. Choyamba ndi manja. Kukadali mdima kamera imatsegula nthawi yaitali, mwina 1/10 ya sekondi, ndipo dzanja silingakhale chete motero. Tsamiritsani foni pamwala kapena pa bwato lomwe lili pamtunda, muike taimala ya masekondi awiri kapena atatu kuti chala chisaigwedeze. Musakoke sikirini ndi zala kuti muyandikitse. Pa mafoni ambiri kumeneko n'kungodula chithunzi n'kuchifutukula. Yendani ndi miyendo.

Chachiwiricho n'chimene chikundidetsa nkhawa. Ngati foni mwaikhazika patebulo koma chithunzi chikuvinabe, kapena mukumva kaphokoso ka ziii pafupi ndi kamera, kachipangizo koletsa kugwedera ka m'kati kaonongeka. Lenzi ya mafoni oterewa imalendewera pa timawaya topyapyala ndi timaginito. Mukaimangirira pa chiwongolero cha njinga yamoto n'kudutsa nayo msewu wa mabampu, timawayato timatopa. Kampani ya Apple inachenjezapo eni ma iPhone za kunjenjemera kwa injini za njinga zamoto mu 2021. Palibe pulogalamu ingakonze zimenezi, pamafunika kusintha kamera yonse. Poyenda pa kabaza, foni izikhala m'thumba la jekete. Musanathamangire kushopu, chotsani kaye chikuto ngati chili ndi maginito, muyesenso.

Funso la mayi wina wa ku Mulunguzi: Ndikufuna madzi aoneke osalala ngati mkaka monga ndimaonera pa Facebook. Ndinayesa pa damu la Mulunguzi ndi pa mathithi a Williams, chithunzi chinangoyera chonse. Komanso galasi limachita nthunzi.

Mayi, chinayera chifukwa munayesa kutawala kale. Pa mafoni ambiri khomo la kuwala la kamera silichepetseka, linakhazikika cha pa f/1.8, ndiye mukatalikitsa nthawi dzuwa litatuluka kuwala kumasefukira. Chitani kukadali kachisisira: Pro, ISO yotsikitsitsa, nthawi kuyambira 1/4 mpaka sekondi imodzi pa mathithi, foni itakhazikika pa choimikira cha miyendo itatu. Kukawala pamafunika galasi lakuda lotchedwa ND, koma totchipa topanira ndi kachipanira timasandutsa chithunzi chapepo ndipo timalowetsa kuwala m'mbali. Pa damu sipafunika zonsezi. M'mamawa mphepo isanayambe madzi amakhala bata, mitengo ya paini n'kumaonekera m'madzimo. Tsitsani foni pafupi ndi madzi, yatsani timizere ta pa sikirini kuti gombe lisapendekeke, muike mwala kapena udzu patsogolo.

Nthunziyo ndi mame. Foni ikakhala panja pa phiri nthawi yaitali imazizira, ndipo chinyezi chimakhala pagalasi. Muziibweza m'thumba la m'kati pakati pa kujambula, ndipo mukatsika musaitulutse msanga m'thumbamo mukalowa m'galimoto yofunda. Kuzizira komweko kumagwetsanso batire yokalamba, choncho mupite nayo yodzaza. Nthunzi ikakhala m'kati mwa galasi, zimitsani foni, chotsani kabati ka simu, muiike m'chitini chotseka pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato, kwa masiku awiri. Mpunga musaikemo, umangodzaza fumbi pobayira chaja. Nthunzi ikabweranso, ndiye kuti guluu wa kumbuyo watha ndipo foni iyenera kutsegulidwa.

Kwa opita ku Chilwa ndionjezepo ichi. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho madzi ake ali ndi mchere. Akadonthera pobayira chaja, musachaje. Mchere ndi magetsi zikakumana timano ta m'katimo timachita dzimbiri lobiriwira m'masiku ochepa. Zimitsani, mupite nayo kwa wokonza mafoni itsukidwe ndi sipiriti wa zamagetsi tsiku lomwelo.

Funso lomaliza, la ambiri: Pa foni chithunzi n'chokongola, koma ndikatumiza pa WhatsApp chimaonongeka, kumwamba kumachita mizeremizere.

WhatsApp imafinya chithunzi kuti isadye bandulo, ndipo kumwamba kwa m'mamawa, kumene mtundu umasintha pang'onopang'ono, n'kumene kumayamba kuonongeka. Dinani HD musanatumize, kapena mutumize ngati Document kuti chipite chathunthu. Chimodzi chingadye mamegabaiti atatu mpaka asanu, ndiye sankhani ziwiri zabwino m'malo motumiza 30.