Perspex si polycarbonate achimwene, funsani khutu la mng'ono wanga

Aaa achimwene musapereke ndalama musanayese, ndangowerenga zoti mukufuna mawindo apulasitiki pa Starlet yanuyo mtima wangoti myuu, ine zinandionekera ndipo mpaka lero mayi akakumbuka amandinenabe pagulu.

Corolla yanga ija ena mukuidziwa, yoyera ya chitseko chimodzi chofiira. Nditachotsa mipando yakumbuyo ndi kapeti kuti ipepuke izithamanga, ndinati magalasi nawo achoke, paja masamu ake ndi oona, galasi la 4mm sikweya mita imodzi ndi 10kg pomwe polycarbonate, pulasitiki yoonekera yovuta kusweka ija, ya 4mm yomweyo ndi 4.8kg, kuphatikiza zitsulo zokwezera windo zamkati mwa chitseko zija nazo zimachoka. Nde mkulu wina wolemba masaini ku Limbe, dzina sinditchula koma ngati ali mu gulu muno akudzidziwa, anandiuza kuti bwana iyi ndi polycarbonate ya Lexan yeniyeni yochokera ku Joni, olo mumenye ndi hamala siingasweke. Pepala lomata pamwamba lija linalibe dzina lililonse, nditafunsa akuti loyambalo linang'ambika pa boda nde anamata lina. Ine n'kukhulupirira. Ndinapereka ndalama yoti ndikanagula matayala awiri atsopano, hamalayo sindinamenye.

Tinakadulira ku Ndirande kwa makaniko wanga, tinajambula kaye pa katoni kenako jigsaw. Podula m'mphepete mumathetheka tizidutswa, pena kachingwe ka mng'alu, makaniko anandiyang'ana n'kuti bwana izi zikuoneka ngati perspex izi, pulasitiki ya masaini yosachedwa kusweka ija, ine ndinamukalipira kuti iwe umadziwa mainjini basi. Tinaboola mabowo okwana ndendende n'kumenya ma rivet mothinitsa kuti isamachite phokoso.

Loweruka lake, Okutobala dzuwa lili phwee, tinapita kukayesa pa msewu wafumbi kupitirira Lunzu. Mng'ono wanga ali pampando wa pasenja, helimeti ili kumapazi chifukwa timati tikungoyesa. Msewu uli ndi malata aja, galimoto ikunjenjemera yonse, ndikumva windo la mbali yake likuti tse tse tse koma ndimati ndi chitseko. Titafika pa kona ina panali kadzenje kokumbidwa ndi madzi a mvula, ndinakaona mochedwa, tayala lakutsogolo lakumanzere kulowamo gwaa, nthawi yomweyo phwaa ngati mfuti. Abale galasi lenileni la m'mbali likasweka limangoyoyoka timiyala ngati mchere wa mibulu, mumasasa n'kumapita, koma chinthu ichi chinasweka zidutswa zazitali zosongoka ngati mipeni. Fumbi lonse kulowa mkati sindikuona kanthu, ndaponda buleki galimoto yaima chopingasa, kucheuka ndikuona mwana wagwira khosi magazi akutuluka pakati pa zala kutsikira mu kolala, osalira osalankhula, wangonditong'olera maso. Ine ndinadziwa kuti basi ndapha mwana wa mayi anga. Manja anga kunjenjemera lamba wake osamasuka, ndinavula tisheti kumukanikiza nayo, kuchotsa dzanja lake pang'onopang'ono ndikupeza kuti si khosi, ndi khutu lang'ambika kumunsi ndi kuseri kwake, chidutswa china chotalika ngati chikhatho chabaya mu siponji ya mpando pafupi ndi phewa. Chija ndinachisunga, chili mu dilowa. Amayi ena ogulitsa tomato anathamanga ndi chitenje ndi madzi a m'chigubu, mayi amene uja Mulungu amudalitse sindinamufunse ngakhale dzina. Kuchipatala anamusoka, chipsera chilipo, akameta chimaoneka.

Lolemba ndinapita ku Limbe ndi chidutswa changa m'manja. Mukudziwa anati chani? Akuti munamanga molakwika bwana, komanso pulasitiki ndi pulasitiki. Mxii. Munthu wamkulu ndevu pepeya, umadziwa kuti ndikukaika pa galimoto yothamanga, ndinakuuza ndi pakamwa panga, iwe n'kundipatsa zolembera saini ya butchala. Ndalama sanabweze olo 1 tambala, m'malo mwake akuti ndikadzafuna saini ya shopu adzandichotserako mtengo, tangoganizani. Anzanga ndi amene anandikoka kunditulutsa, apo ayi nkhani ikanathera kupolisi.

Nde mverani. Pemphani kachidutswa kotsala mukapinde ndi pulayazi, perspex imathyoka thyo, polycarbonate imangopindika osathyoka. Akakana kukupatsani kachidutswa tulukani. Pa pepala lomata pazilembedwa dzina, monga Lexan kapena Makrolon, ndipo pamalembedwanso mbali yoyang'ana kudzuwa, mukatembenuza dzuwa lathu lino imasanduka yachikasu. Zija zofolerera khonde za timabowo mkati ayi. 4mm ndiye yabwino m'mbali, 3mm imapepesuka mukathamanga. Mabowo aziposa bawuti pang'ono chifukwa kukatentha imafutukuka kuposa chitsulo, muike washa ya rabala, musaboole kunsonga kwenikweni, ndipo pepala lija musamatule mpaka mutamaliza kumanga. Apa ndivomere kuti ma rivet anga aja nawo anathandizira, mng'alu unayambira pabowo, koma asanamizirepo mkulu uja. Windo la Starlet silopindika kwambiri, shiti imatsatira yokha felemu mukamamanga, musalimbane ndi zoiwotcha, imasunga chinyontho mkati nde mukaitenthetsa musanaiumitse imatuluka matuza. Lakutsogolo musakhudze, likhale galasi la laminated lomwelo, lija losayoyoka likasweka, waipa yopukuta mvula imakala pulasitiki komanso oyendetsa mpikisano wa magalimoto afunseni kaye malamulo awo musanadule chilichonse.

Yeniyeni ndinadzaipeza, msuweni wanga anabwera nayo pa basi kuchokera ku Johannesburg ndinakaitengera ku Wenela. Yolimba zoona, tinayesa hamala pa kachidutswa inangodumpha. Koma windo limodzi ndinaliononga ndekha tsiku loyamba lomwe, ndimachotsa zomatira za tepi ndi thina wa penti uja, m'mawa mwake lonse tizing'alu ngati ukonde wa kangaude. Petulo nayenso amatero, mankhwala otsukira magalasi aja osayerekeza, madzi ambiri ndi sopo wa mbale ndi kansalu kofewa basi. Anyamata otsuka magalimoto mtauni akangopukuta ndi chisanza chouma pa fumbi zatha, zanga miyezi ingapo zinali mbuu, madzulo dzuwa likapendeka mira ya kumanzere sindimaiona. Ilipo ina yokutidwa kuti isakalike, Margard, koma mtengo wake mukhala pansi.

Kunena zoona ngati ndi zongosewera Loweruka siyani magalasi anuwo, makilo ochepawo chotsani sipeya ndi sabufa, enanu chepetsani nsima kkkk. Ndipo musamapange nokha zinthu izi pitani kwa odziwa, ngakhale odziwawo ndi amene anandipweteka ine, nde bola kudula nokha pang'onopang'ono ndi jigsaw ya mano ang'onoang'ono. Helimeti pamutu olo mukungoyesa. Paja alipo akupita ku Joni mwezi uno? Andipeze ku inbox, ndikufuna shiti ina ya 4mm ya windo lakumbuyo, tikhoza kugawana mtengo achimwene.