Tipange hayala kamera ku Blantyre kapena foni ikwana? Yankho kwa achimwene a ku Mangochi

Pa imelo pabwera funso kuchokera kwa mnyamata wina wa pa Mangochi boma, dzina sinditchula. Akuti iye ndi anzake alemba sewero la masamba 30, nkhani ya msodzi amene wagulitsa boti ndi chilimira cha bambo ake kuti apeze thiransipoti ya ku Joni, ndiye akufuna ajambule filimu yaifupi aponye pa intaneti. Asonkherana K350,000. Akufunsa ngati kuli bwino kupanga hayala kamera yaikulu ku Blantyre kapena angojambula ndi Samsung yake, komanso akamaliza aiike pati kuti anthu aione.

Achimwene, kamerayo isiyeni ku Blantyre konko. Foni yanu ngati imajambula 1080p ikwana, ndipo ndalama zimene mukanalipira hayala ndi basi mugulire maiki. Munthu amapirira chithunzi chosawala bwino bola nkhani ikukoma, koma akangolephera kumva zomwe akulankhula amatseka pompo, sadikira ngakhale mphindi imodzi. Mafilimu ambiri achinyamata omwe ndimaona pa Facebook amafera pa mawu, chithunzi chili bhobho koma mukumva mphepo yokhayokha, wosewera akungogwedeza milomo.

Ndiye inu vuto lanu ndi lalikulu kuposa wa ku Lilongwe chifukwa nkhani yanu ndi ya kunyanja. Mwera ukayamba, cha mu Meyi mpaka Ogasiti, maiki ya foni imangolira phuuu, kuwonjezera mafunde, injini za maboti, njinga zamoto, chigayo, ma speaker a pamsika. Gulani timaiki tija tokoleka pa kolala, tiwiri tikwana. Kamaiki kamalowa mu foni ina yomwe wosewera waiika mthumba, waya mudutsitse mkati mwa malaya, kumutu kwa kamaikiko mukulunge kansalu ka ubweya kuti mphepo isamenye. Musanayambe shoti iliyonse wina aime kutsogolo kwa kamera awombe m'manja kamodzi mwamphamvu, phaa, poedita mudzangolumikiza pomwe manja akumana ndi pomwe mawu adumpha, basi milomo ndi mawu ziyendera limodzi. Pakhale munthu mmodzi yemwe ntchito yake ndi kuvala ma headphone ndi kumvetsera, akati tibwereze muzibwereza osakangana naye. Ndipo pamalo aliponse mukamaliza, onse akhale chete mphindi imodzi mujambule phokoso la malowo lokha, mudzalifuna potseka mipata pakati pa ma shoti. Nthawi za swala muzidziwe, azana ikayamba imani kaye, ndi ulemu komanso mukapitiriza shoti imodzi idzakhala ndi azana inayo ayi, poduladula zidzamveka zodukaduka.

Tsopano masamba 30 aja. Tsamba limodzi limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema, ndiye mwalemba filimu ya theka la ola, ya K350,000, osewera osalipidwa omwe mawa ali ndi geni yawo. Sizitheka bwino. Dulani ifike masamba 8 kapena 10, anthu atatu, malo awiri kapena atatu oyandikana oti mutha kuyenda wapansi. Ndaona mwalemba kuti pali zochitika ku Johannesburg, chonde musayese kusandutsa kuseri kwa golosale ya pa boma kukhala Joni, aliyense wa ku Mangochi ali ndi mbale wake kumeneko ndipo adzaseka. Joni imveke pa voice note ya WhatsApp basi, mayi ali pakhonde akumvetsera mawu a mwana wawo akunama kuti zonse zili bwino, kamera ili pankhope ya mayiyo osasuntha. Pamenepo ndiye pali filimu yanu, ine ndikanayambira pomwepo. Komanso alekeni osewera alankhule mmene amalankhulira kwawo, gogo akayankha mChiyao mdzukulu mChichewa zisiyeni choncho, mudzaika ma subtitle pansi. Chizungu chokakamiza chimaumitsa osewera.

Za kuwala sindichulutsa. Jambulani mmamawa dzuwa likungotuluka mpaka cha mma 8, kenako kuyambira 4 koloko madzulo. Masana dzuwa la kwanuko limachititsa mdima mmaso mwa munthu, ndipo mu Okutobala foni imatentha nkuzima yokha. Nyanja ikakhala kumbuyo kwa wosewera foni imatsata kuwala kwa madzi nkhope nkuda bii, ndiye pa sikirini ya foni dinani chala pankhopeyo osachotsa mpaka iloke, wina agwire chikatoni chomata pepala loyera abwezere kuwala kumaso. Foni igone chopingasa, ikhale pa airplane mode, ipukuteni galasi nthawi zonse chifukwa cha thukuta ndi mchenga. Ngati app yanu ikulola sankhani 25fps, kutanthauza zithunzi 25 pa sekondi, magetsi athu ndi a 50Hz ndiye mababu saphethira pa kanema. 4K isiyeni, ingodzaza foni. Shoti ya usiku ya asodzi a usipa ndi nyali zawo ndi yokongola zedi koma foni imavutika mumdima, jambulani kachisisira kumwamba kukadali kabuluu, nyali ikhale pafupi ndi nkhope.

Musanafike padoko ndi gulu lanu pitani kaye kwa amfumu ndi a komiti ya padoko, ma BVC aja, mufotokoze. Asodzi sakonda kungoloza foni pa nsomba zawo, ndipo ali ndi chifukwa. Ku Cape Maclear mbali ina ndi Lake Malawi National Park, mukafuna kujambula mkati mwa paki funsani kaye ku ofesi yawo. Aliyense wooneka mufilimu asaine kapepala kovomera kuti iikidwa pa intaneti, ngati ndi mwana asaine kholo, ngakhale akhale msuweni wanu, chifukwa filimu ikatchuka ndi pomwe abale amakumbukira kuti sanalipidwe.

Ndalama zija, mukagula maiki, power bank ndi memory card yabwino, gawo lalikulu lotsala ndi la chakudya ndi kabaza ya osewera. Anthu osalipidwa akadya nsima ya chambo kapena utaka masana amabweranso mawa, akagona ndi njala foni yawo mawa siipezeka. Sungani kena ka bandulo, musadye yonse pojambula.

Kuedita, CapCut pa foni imagwira ntchito, DaVinci Resolve ndi yaulere pa kompyuta koma imafuna laputopu yamphamvu. Tsiku lililonse mukaweruka koperani zonse malo awiri, foni imagwera mmadzi. Nyimbo ndiye samalani, mukaika nyimbo ya woimba wotchuka popanda chilolezo YouTube ili ndi Content ID imene imaizindikira yokha, filimu itha kutsekedwa kapena ndalama zake kupita kwa mwini nyimbo, ndipo kuno kwathu za umwini wa nyimbo amayang'anira ndi a COSOMA. Pezani mnyamata wa gitala kapena wa ng'oma kwanuko akuimbireni yatsopano, mulemberane pa pepala.

Poika pa intaneti ganizani kaye ngati mukufuna kuitumiza ku ma festival, chifukwa ena salandira filimu yomwe ili kale poyera. Ngati ndi choncho iikeni pa YouTube ngati unlisted, yoti aione okhawo omwe ali ndi link, mutumize kudzera pa FilmFreeway, webusaiti yotumizira mafilimu ku ma festival, ma subtitle a Chingerezi akhalepo. Ngati cholinga ndi choti anthu aione basi, yonse ikhale pa YouTube komanso muikweze payokha pa Facebook, osangoponya link, anthu ambiri kuno amagula bandulo ya Facebook ndi WhatsApp yokha ndiye link ya YouTube satsegula. Dulani tizidutswa ta masekondi 30 ta TikTok ndi status. Pangani ina yaing'ono ya 480p yoti iyende pa WhatsApp, muitumize ngati document kuti isaphwanyike chithunzi, ndipo tumizani kwa a ku Mangochi omwe ali ku Joni, nkhaniyi ndi yawo ndipo iwo ali ndi WiFi, adzaifalitsa okha mmagulu awo. Anyamata a ma burning centre apatseni dala aziika mma memory card a anthu, adzaikopa ndithu kaya mufune kaya musafune, bola dzina lanu ndi la peji yanu likhale koyambirira ndi kumapeto kwa filimu. Mukafuna kuonetsa pagulu molipiritsa, kaya mu holo kaya mu vidiyo sho, funsani kaye ku Censorship Board.

Za kupeza ndalama pa YouTube musawerengere pa filimu yoyamba. Kuti ayambe kugawana nanu za ma advert amafuna ma subscriber 1,000 ndi maola 4,000 oonera mchaka chimodzi, ndiye filimu ya mphindi 10 ndiye kuti anthu 24,000 aione yonse osadumpha. Anzanu aja auzeni zimenezi musanayambe kujambula, asamadzakufunseni gawo lawo mwezi wamawa. Mukadula sewero lija lifike masamba 10 nditumizireni pa imelo yomweyi ndiliwerenge.