Mabuku a Halloween osaopseza mwana wa zaka zitatu

Achemwali, ndawerenga funso lanu. Mwati mwana wanu wa zaka zitatu analira kwambiri m'sitolo ataona zigaza ndi mafupa zitapachikidwa, ku nazale akuti ana adzavale zovala za Halloween (mwambo wa pa 31 Okutobala umene anthu amavala zoopseza n'kukongoletsa makomo ndi maungu), ndiye mukufuna mabuku a zithunzi omuzoloweretsa za kuyenda khomo ndi khomo kupempha maswiti popanda kumuchititsa mantha. Ine ndalera ana awiri kuno ku Leeds ku England, zimenezi ndinadutsamo, ndiye mundipirire ndilembe motalikirapo.

Mwana wanga wamkazi sankaopa maungu, ngakhale mdima sankauopa kwenikweni. Chimene chinkamuliza ndi nkhope yophimbidwa. Mwana wa msinkhu umenewu sanafike pozindikira kuti munthu akavala chophimba kumaso amakhala ali yemwe uja. Kwa iye mnzake wa ku nazale wasowa, pabwera chinthu china chachilendo. Ife amene tinakulira kumudzi sitifunika wotifotokozera, tikukumbukira mmene mtima unkagundira gule akatulukira pabwalo, ife n'kuthawira kuseri kwa chitenje cha amayi. Nchifukwa chake buku limene ndimalikhulupirira pa msinkhu uwu ndi lija loonetsa nkhope yophimbidwa kenako mwanayo n'kuivundukula yekha ndi dzanja lake.

Pa zimenezi palibe limene linatithandiza kuposa Little Blue Truck's Halloween, lolembedwa ndi Alice Schertle, la mu 2016. Ndi la masamba olimba ngati katoni, mwana sangaling'ambe msanga. Kagalimoto kabuluu kakunyamula nyama zimene zavala zovala zachilendo popita kuphwando, ndipo tsamba lililonse lili ndi kapepala kotukula. Mwana akatukula amapeza kuti m'kati mwa chovalacho muli bakha, nkhosa kapena ng'ombe, ndipo nyamayo imalira kulira kwake. Ine ndinkafunsa m'Chichewa, "Kodi ameneyu ndani?" iye n'kutukula, n'kukuwa kuti "Bakha!" Tinaliwerenga usiku uliwonse kwa milungu iwiri. Tsiku lenilenilo litafika, mwana wa neba atabwera atavala chophimba kumaso, wanga anagwira siketi yanga, koma m'malo molira anafunsa kuti "Ndani ali m'katimo?" Misozi inalengeza m'maso mwanga.

Lina loyenda njira yomweyo ndi Mouse's First Halloween la Lauren Thompson. Kambewa kakuyenda usiku, kakumva phokoso, kakudzidzimuka, koma tsamba lotsatira likuonetsa kuti anali masamba a mtengo akugwa kapena kamphaka chabe. Mantha amabwera pang'ono, n'kuchoka nthawi yomweyo. Akafika zaka zitatu ndi theka kapena zinayi muyeseko Go Away, Big Green Monster! la Ed Emberley, la mu 1992. Masamba ake ndi obooledwa, nkhope ya chilombo imamangika pang'onopang'ono, maso, mphuno, mano, kenako mwanayo amachithamangitsa chiwalo chimodzichimodzi mpaka chitatheratu. Koma ili muyambe mwaliona nokha, chifukwa pakati pake pali mano akuthwa, ndipo kwa mwana amene wangolira kumene m'sitolo likhoza kukhala lolemera.

Tsopano nkhani ya mfiti, imene ndikudziwa kuti ambiri m'gulu muno ikuwavuta ngakhale sakuitchula. Kuno mfiti ya m'buku ndi kamayi kachipewa chosongoka kokwera tsache, ana amakaseka. Kwathu mawu amenewa ndi olemera. Agogo okalamba amamenyedwa, ena kuphedwa kumene, chifukwa chonamiziridwa ufiti. Ine sindinafune kuti mwana wanga aphunzire ali wamng'ono kuti mayi wokalamba wa mphuno yokhota ndiye mfiti, ndiye pa zaka zoyambirira mabuku otere ndinawasiya. Mudzawapezabe ku nazale, makamaka Meg and Mog la mu 1972 ndi Room on the Broom la Julia Donaldson la mu 2001. Chilungamo chake, mfiti ya m'buku lachiwirili ndi yokoma mtima, imakweza galu, mbalame ndi chule pa tsache lake. Komabe chakumapeto kumatuluka chinjoka chofuna kuidya, ndipo tsamba limenelo linamuliza mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka zitatu. Izi muganize ndi abambo ake a mwana, banja lililonse lili ndi malire ake ndiponso chikhulupiriro chake, ndipo amene asankha kusachita nawo Halloween sanalakwe.

Ngati mukufuna a nyengoyi koma opanda mfiti, mzukwa kapena chigaza, tengani a maungu. Duck & Goose Find a Pumpkin la Tad Hills ndi la bakha ndi tsekwe akusakasaka dzungu, basi, n'loyenera ngakhale wa chaka chimodzi. Limene ndimalikonda ine mwini ndi Pumpkin Soup la Helen Cooper, la mu 1998, lomwe linapata mphoto ya zithunzi za m'mabuku a ana ya Kate Greenaway Medal. Mphaka amadula dzungu, gologolo amatakasa mphika, bakha amathira mchere. Tsiku lina bakha akufuna kutakasa iye, mkangano wabuka, wanyanyala n'kuchoka, anzake atsala akumudera nkhawa. Si la kupempha maswiti ayi, koma kwa ife dzungu ndi chakudya, timadya ndi nkhwani zake zomwe, ndiye tikamaliza kuwerenga ndinkaphika dzungu n'kuwauza ana za kumunda kwa agogo awo.

Musathamangire kugula. Khadi la ku laibulale ndi laulere ngakhale kwa khanda, koma mupite Okutobala akangoyamba, chifukwa sabata yomaliza mashelefu a Halloween amakhala atasesedwa. Powerenga, werengani masana poyamba, mwana ali pamiyendo panu, ndipo musasinthe mawu kukhala oopsa ngati mmene tinkachitira ndi nthano za afisi pamoto. Akatseka buku, lisiyeni, mudzayese mawa. Ife tinkaseweranso m'nyumba: iye amagogoda pachitseko cha kuchipinda ndi kabasiketi, ine n'kutsegula, iye n'kunena mawu aja akuti "trick or treat", ine n'kumupatsa bisiketi, kenako tisinthane.

Pa 31 pomwepo kumbukirani kuti mawotchi amakhala atabwezedwa kale m'mbuyo ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala, ndiye pofika 5 koloko kunja kwada. Tulukani kusanade bwino, mugogode pamakomo atatu kapena anayi a anthu amene mwana akuwadziwa, ndipo mwambo wa kuno ndi wogogoda pokhapokha pamene ayika dzungu loyaka kapena zokongoletsa. Mwana wanu avale ngati bakha kapena gulugufe, nkhope ili poyera. Maswiti olimba ndi mtedza wathunthu muchotse m'basiketi mukafika kunyumba, amatsamwitsa ana osafika zaka zisanu. Ndipo musawabweze msanga mabukuwo, pa 5 Novembala kuli Bonfire Night, usiku umene anthu kuno amasonkha moto n'kuphulitsa makombola, buku la kambewa lija lidzakuthandizaninso pa phokoso la usiku umenewo.